Lilongwe ili ndi mitsinje iwiri koma ana athu akusewera pamsewu

Alendo akabwera kwathu kuno ku Lilongwe funso lomwe limandivuta kuyankha ndi lakuti "tiperekezeni kokaongola miyendo, ana atopa kukhala m'nyumba". Ukayamba kuwerenga pa zala malo omwe akubwera m'mutu ndi a mowa, kapena kumashopu a ku Gateway, kapena kaloji kenakake komwe pageti pali mlonda ndipo usanakhale pansi weitala wafika kale ndi menyu. Koma malo oti bambo, mayi ndi ana anayi angopita, ayale chitenje pansi pa mtengo, adye mbatata yomwe aphika kunyumba, ana athamangethamange mpaka dzuwa lipendeke popanda wina kuwafunsa kuti mugula chani, amenewo ndi osowa kwambiri ndipo zimandipweteka mtima chifukwa mzinda uno sanaukonze kuti udzakhale chonchi ayi.

Ambiri omwe tabwera mochedwa sitidziwa kuti Lilongwe inali katauni kakang'ono zedi. Pa kalembera wa 1966 munali anthu osakwana 20,000, kaboma ka alimi a fodya ndi mashopu a amwenye m'mbali mwa mtsinje basi. Kamuzu ataganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba anakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndalama zambiri zoyambira zinachokera ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Omwe ankajambula mapulani aja ankafuna mzinda wa mitengo, ankautchula kuti Garden City, nchifukwa chake ma Area anawamwaza chonchija, apa nyumba, apa tchire, apo nyumba, ndipo m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe ndi wa Lingadzi anasiyamo dala malo osamanga. Pakati pa Old Town ndi City Centre anasiyapo nkhalango yathunthu, Nature Sanctuary ija. Anthu amadandaula kuti Lilongwe ndi yotayana, wopanda galimoto amavutika, ndipo ndi zoona, ineyo ndimayenda pa minibasi ndi kabaza ndikudziwa. Koma mbali ina ya pulani yomweyo inali mphatso, anatisiyira malo obiriwira omwe mizinda ina imachita kugwetsa nyumba kuti iwapeze. Pa kalembera wa 2018 tinali 989,318, pano tinadutsa miliyoni kalekale, ndipo malo aja mmalo moti achuluke pamodzi ndi anthu akungonka nachepa.

Ndiyambe ndi komwe ndimakukonda. Ukalowa m'nkhalango imeneyi ku Lilongwe Wildlife Centre, pa msewu wa Kenyatta paja, sipatenga mphindi zambiri kuti phokoso la magalimoto lizilala nkuyamba kumveka madzi a Lingadzi ndi mbalame. Kunja kukhale kukuotcha bwanji mu Okutobala, mkatimo mumakhala kamphepo kozizira bwino, mitengo yake ndi yachilengedwe yakalekale, mikuyu ikuluikulu, mithethe, zitsamba zomwe agogo athu ankazidziwa maina onse, osati bulugamu ndi kesha zomwe tadzadza m'makomomu. Apusi amadutsa pamwamba pa mutu wako ali ndi ana kumimba, nthawi zina gwape amatulukira nkukuyang'ana kaye asanathawe, m'mbali mwa madzi ng'azi ili gone kuothera dzuwa, ndipo mu mtsinjemo muli ng'ona zenizeni nde osayerekeza kutsukamo mapazi. Afisi nawo alimo mu mzinda muno, usiku amayenda motsata mitsinje yomweyi, anthu ena samakhulupirira mpaka atamva kulira kwake. Malowa anatsegulidwa mu 2007 kuti azisamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa anthu ozigulitsa, anyani omwe anthu ankaweta pa chingwe, ngaka zomwe apolisi amagwira nazo anthu, ndipo ambiri a ife timakumbukira mkango waukazi wa diso limodzi uja ankati Bella womwe unabwera kuchokera ku Romania mu 2009, ana asukulu ankabwera pa mabasi kudzangouona. Mkango uja kulibenso koma nkhalango ilipo, ndipo kwa ine nkhalangoyo ndiye chuma chenicheni. Mwana wobadwira ku Kawale kapena ku Area 36 yemwe sanapiteko kumudzi akhoza kuona mmene dera lino linkaonekera tisanalidule, ali pakati penipeni pa likulu la dziko.

Vuto ndi lakuti ndi angati angakwanitse? Sindikuwada eni malowo, nyama zimadya, alonda amalandira malipiro, fensi imafuna kukonza, nde kulipiritsa pageti nkoyenera. Koma tawerengerani banja la anthu asanu lochokera ku Area 25 kapena kwa Chinsapo, thiransipoti kupita ndi kubwera mwina minibasi ziwiriziwiri, kenako pageti, kenako mwana waona anzake akumwa fanta, ndalama imeneyo ndi ya ndiwo za sabata yonse. Mapeto ake umapezamo azungu, ogwira ntchito m'mabungwe ndi ana a sukulu zolipira, pomwe ana a pa Kauma ambiri sanapondemo.

Kwina komwe anthu wamba amapitako ndi ku Botanic Garden, kufupi ndi Nyumba ya Malamulo ndi Capital Hill. Kumeneko ndi kwabwino, malo ndi aakulu, udzu, mithunzi yokwanira, Loweruka umapeza akwati akujambulitsa, atsikana operekeza atavala zofanana akuthamangitsana ndi wojambula, kuseri kwa zitsamba gulu la amayi likupemphera mokweza, uku makwaya akuyeserera nyimbo, uku ana a koleji ali ndi mabuku. Ndimasangalala ndikaona zimenezi chifukwa zimatsutsa bodza lija loti a Malawi sitikonda zokhala m'mapaki, eti ndi za azungu. Tipatseni malo muone ngati sitidzadza. Chapafupi pomwepo pali chiliza cha Kamuzu chomwe anatsegula mu 2006, chija chili ndi nsanamira za ngodya zinayi, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo kumtunda kuli nsanja yokumbukira asilikali omwe anafa pa nkhondo. Onsewa ndi malo oti munthu nkuyendako madzulo. Koma onse ali mbali imodzi ya mzinda, mbali ya maofesi ndi ma Area a mabwana, komwe kumakhala anthu ochepa omwenso ali ndi kapinga ndi mitengo m'mipanda mwawo. Komwe kuli chinamtindi cha anthu, ku Mchesi, Biwi, Chilinde, 23, 24, Mtandire, Mgona, Senti, kulibe chilichonse chofanana nazo.

Nde tibwere ku mtsinje womwe unapereka dzina ku mzinda uno. Imani pa buliji ya ku Old Town muyang'ane pansi. Mbali iyi msika wa Lizulu wa tomato, kabichi ndi mbatatesi, tsidya linalo kaunjika wa ku Tsoka, pakati timabuliji tamitengo tomwe anyamata anakhoma okha ndipo umalipira kandalama kuti uwoloke. Ndimawalemekeza anyamata amenewo, anaona chosowa nkuchikonza ndi manja awo. Koma madziwo abale, ndi akuda bii, majumbo ali nyankhalala m'mabango, mabotolo, matewera a ana, zotsalira za kabichi zowola, fungo lake nthawi yotentha umachita kugwira mphuno. Majumbo opyapyala aja boma linaletsa mu 2015 ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo mu 2019, koma tapitani mukaone mu mtsinjemo ngati chiletsocho chinafikamo. Tinausandutsa mtsinje wathu dzala la kuseri kwa nyumba, aliyense waufulatira, mashopu onse makomo analoza kumsewu, ku mtsinje kunatsala kotayira zinyalala ndi kokodzera.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi choti ukayenda pang'ono kuchoka pamsikapo umafika ku Lilongwe Golf Club, yomwe ilipo kuyambira m'ma 1930, ndipo mtsinje womwewo ukudutsa m'mbali mwa kapinga wosamalidwa ndi mitengo italiitali, mbalame zili mbwee, anantchengwa ndi akakowa akusaka tinsomba. Mtsinje umodzi womwewo. Kusiyana kwake ndi kwakuti uku kuli anthu omwe anati malo ano ndi athu tiwasamala, pomwe kumsika kuja aliyense amati ndi za khonsolo. Sindikunena kuti gofu ithe ayi, asiyeni azimenya, ndikungoti umboni ulipo kuti gombe la Lilongwe likhoza kukongola, ndipo kukongolako sikuyenera kukhala kwa okhawo omwe ali ndi khadi la umembala.

Komanso tisaiwale kuti madzi omwe timamwa m'mipopemu ndi a mtsinje womwewu. Umachokera ku nkhalango ya Dzalanyama kumalire ndi Mozambique, umasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966 lachiwiri la 1989, kenako a Water Board amaupopa nkuuyeretsa. Ku Dzalanyama mitengo yatha ndi makala mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera, ndipo makalawo amabwera kuno, njinga zija zimalowa mu tauni mbandakucha zitasenza matumba atatuatatu, ogula ndi ife tomwe, ine ndemwe mbaula ndili nayo chifukwa magetsi ndi gasi sizodalirika kapena sizotchipa kwa aliyense. Nde nkhani ya malo opumulirako ndi nkhani ya madzi akumwa ndi imodzi, mtengo womwe ukanapereka mthunzi kwa mwana ndi womwewo ukanagwira dothi kuti lisakwirire damu.

Amene munali kuno mu Febuluwale 2017 mukukumbukira mmene Lingadzi anasefukira ku Mtandire, nyumba kugwa, katundu kukokoloka, ana ena mpaka anachita kuwapulumutsa ndi helikopita ya asilikali. Anthu ambiri anathamangira kunena kuti nawonso amangiranji mu mtsinje. Inde, koma munthu wosauka yemwe wabwera mu tauni kudzasaka ganyu akapeza puloti yotchipa kudambo mukuti atani? Komanso si osauka okha, taonani nyumba zikuluzikulu ndi mipanda ya njerwa zomwe zatsikira mpaka m'madzi m'ma Area ena, amenewo ndalama ali nazo ndipo mapepala anawapeza. Onjezerani okumba mchenga omwe adya magombe mpaka mitengo kugwera m'madzi, oumba njerwa, olima chimanga ndi masamba mpaka pa mlomo penipeni pa mtsinje. Malo a m'mbali mwa mtsinje omwe anasiyidwa osamanga aja sanali ongokongoletsa, ndi malo oti madzi akachuluka azipumirako. Mukaikapo paki, mabenchi ndi bwalo la mpira, chigumula chikabwera chimangonyowetsa kapinga nkubwerera, mawa lake anthu nkumachotsa matope. Mukaikapo nyumba, mawa lake ndi maliro ndi misasa ya pa sukulu.

Tsopano za ana. Ife tikukula, kaya kunali kumudzi kaya mu lokeshoni, pamakhala bwalo penapake, anyamata mpira wachikulunga mpaka mdima, atsikana fulaye, phada, jingo, madzulo chipako ndi chibisalirano. Lero m'malokeshoni ambiri a Lilongwe kamalo kalikonse komwe kanali kopanda nyumba kanagulitsidwa, pena pamangidwa tchalitchi, pena bala, pena filing'i siteshoni, pena angozunguliza fensi ya malata nkusiya. Kwathu kuno kunali bwalo lomwe ana a mbali yonse ino ankasewerapo, tsiku lina tinangodzuka tikuona lole ikutsitsa njerwa, titafunsa anati mwini wake wabwera ndi mapepala, palibe yemwe ankadziwa kuti malowo ali ndi mwini. Ana aja pano zigoli amaika pamsewu, miyala iwiri uku iwiri uku, kabaza wa njinga yamoto akatulukira onse balala, akadutsa abwereranso. Mtima umakhala m'mwamba ukamawaona. Kenako timadabwa kuti ana a masiku ano amangokhalira foni ndi mavidiyo sho, achinyamata angoti mbwee pa mabetingi ndi tima sacheti, tikufuna apite kuti?

Mabwalo a mpira alipo inde, Civo, Silver, Nankhaka, ndi Bingu National Stadium ku Area 48 yomwe inatsegulidwa mu Januwale 2017 ndipo imalowa anthu opitirira 40,000, koma amenewo ndi a matimu ndi zochitika zikuluzikulu, si oti mwana wa zaka 9 angolowa ndi mpira wake. Omwe atsala ndi monga Masintha ku Kawale ndi magirawundi a sukulu za pulayimale, fumbi lokhalokha, opanda mtengo ngakhale umodzi woti kholo likhale pansi kuonerera. Akuluakulu nawo afuna kulimbitsa thupi, madokotala akutiuza za shuga ndi BP tsiku ndi tsiku, nde m'mawa kukada umaona anthu akuthamanga m'mbali mwa msewu, amayi ndi abambo a mimba zawo, akupuma utsi wa magalimoto ndi kuzinda maminibasi. Anthu amenewa akanakhala ndi kanjira kabwino kotsata mtsinje bwenzi atadzadzamo 5 koloko isanakwane.

Mu 2021 pomwe ankayamba kukuza msewu wa Kenyatta kuti ukhale wa mizere isanu ndi umodzi, mitengo ikuluikulu yomwe inkapanga mthunzi mumsewu uja inagwetsedwa, ndipo anthu anakwiya kwambiri pa Facebook, ena anati chitukuko chimafuna nsembe, ena anati akanatha kupatutsa. Msewuwo ndi wabwino, sindinganame, jamu inatitopetsa. Koma chomwe ndinaphunzirapo ine nchakuti anthu a mu Lilongwe mitengo yawo amaikonda, analira ngati kwagwa maliro, kungoti timalira zinthu zitachitika kale. Mbande zomwe amadzala pambuyo pake zimafuna zaka makumi angapo kuti munthu adzakhale pansi pake, ndipo zimafuna wothirira mu Seputembala ndi Okutobala, osati tsiku lodzala lokha pomwe pali makamera.

Ndikudziwa ena awerenga izi nkunena kuti aise, anthu akugona ndi njala, mankhwala m'zipatala mulibe, mafuta tikugona pa mzere, iwe ukukamba za mapaki? Ndikumva, ndipo sindikunena kuti paki ndi nsima. Koma wolemera safuna paki ya boma, ali ndi kapinga kwake, wikendi amakwera galimoto kupita ku Senga Bay. Amene amafuna malo aulere ndi mayi wa chipinda chimodzi cha lendi ku Mtandire yemwe ana ake alibe ngakhale khonde, ndi mnyamata wosaka ntchito yemwe wazungulira maofesi tsiku lonse ndipo akufuna pokhala mphindi makumi awiri popanda kugula kanthu, ndi gogo wobwera kudzadikirira wodwala ku chipatala cha Kamuzu Central yemwe akufuna kopumira mphepo ina. Ndipo mtsinje wauve si nkhani ya maso okha, kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu ambiri m'dziko muno ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, pomwe mpaka lero kumunsi kwa misika ija kuli anthu omwe amachapa, kusamba ndi kuthirira masamba omwe timagula ndi madzi omwewo.

Kunja kwa tauni malo aliko ndithu kwa yemwe ali ndi thiransipoti. Ku damu ku Malingunde, kudzera ku Likuni, madzi ali tantha ndipo kuli kalabu ya mabwato. Phiri la Bunda anthu amakwera, ambiri kukapemphera pamwamba, ndipo ukafika pansonga chigwa chonse cha Lilongwe chimaoneka. Phiri la Nkhoma ndi lovutirapo koma lokoma kukwera m'miyezi yozizira. Dzalanyama nayo mbali zomwe zatsala ndi yokongola, odziwa mbalame amachokera kutali kudzaziona. Koma zonsezi ndi za ulendo wa tsiku lonse wochita kukonzekera, si zoti waweruka kuntchito nkungodutsirako.

Chomwe ine ndikufuna si chapatali. Sindikupempha mafawunteni ndi magetsi amitundumitundu ayi. Ayambe ndi kachigawo kamodzi ka gombe la Lilongwe pafupi ndi misika ija, achotse zinyalala, aike mabini omwe azitayidwa ndithu osati kungodzadza mpaka kusefukira, amange zimbudzi zolipira pang'ono zokhala ndi madzi, chifukwa popanda chimbudzi paki iliyonse imasanduka chimbudzi. Adzale mitengo ya m'mbali mwa madzi, mbawa, mikuyu, katope, nsungwi zogwira dothi. Kanjira ka anthu oyenda pansi ndi njinga, mabenchi a simenti oti munthu sangazule kukagulitsa, matebulo a bawo pansi pa mthunzi, madala akhoza kumakhalapo tsiku lonse ndipo maso awo omwewo ndi chitetezo. Nkhani ya chitetezo ndi yaikulu, makamaka kwa amayi ndi atsikana, pano palibe mtsikana angayerekeze kutsata mtsinje yekha ngakhale masana chifukwa m'mabangomo mumabisala anyamata olanda mafoni ndi zikwama. Malo amakhala otetezeka pakakhala anthu ambiri, nde mavenda asathamangitsidwe, apatsidwe malo awo mwadongosolo, wa chimanga chootcha, wa mandasi, wa thobwa, wa mafizesi, wojambula zithunzi, iwowo ndi omwe angasese ndi kulondera chifukwa ndi pomwe akudyera. Anyamata a mabuliji aja alembedwe ntchito yoyang'anira, mtsinjewo amaudziwa kuposa injiniya aliyense.

Ndipo m'malokeshoni, malo aliwonse omwe pa mapu a mzinda analembedwa kuti ndi osamangapo alengezedwe poyera, mndandanda wake umatidwe ku maofesi a ma wadi ndi m'misika, paikidwe chikwangwani, kuti tsiku lomwe lole ya njerwa ikubwera anthu adziwe kuti akuberedwa. Makampani omwe amathandiza mpira ndi ma gofu tonamenti atenge bwalo limodzi limodzi, aike zigoli za mpira wamiyendo ndi wamanja, akatungwe awiri atatu, alembepo dzina lawo ngati akufuna, ife zimenezo sitidandaula. Mipingo nayo ili ndi malo aakulu omwe amakhala otseka Lolemba mpaka Lachisanu, bwanji osatsegulira ana a m'deralo masana?

Kuseri kwa sukulu ya pulayimale ya kwathu kuno kwatsala kadambo kamodzi komwe sikanagulitsidwe, kali ndi mikuyu iwiri ndipo ana amakasakako ziwala. Ine ndi makolo anzanga angapo tagwirizana kuti pa msonkhano wa chitukuko wa mwezi uno tikafunse khansala ndi mfumu ya m'tauni kuti malowo ndi a ndani pa mapepala, ndipo ngati ali a mzinda atilole tidzalepo mitengo mvula yoyamba ikangogwa, mbande tapeza kale ndipo achinyamata a timu ya m'dera lathu avomera kuti azithirira mosinthana.